Zidole za Chizuru Zagona Panja

Nagoya, 6 Febuluwale 1983

Okondedwa amake Chizuru,

Ndikhulupirira kuti mphepo ya kunyanja sinakuumitseni mawondo. Ine kuno ndili bwino, kungoti nsomba zouma munandipatsa pa Chaka Chatsopano zinatha kalekale, ndipo ngakhale chino ndi chaka chachinayi ndikukhala ndekha m'kachipinda ka kampani, mpunga wanga ukutulukabe ngati phala. Kodi denga la bafa linasiya kudontha? Nanga achemwali anga a Kinue akulalatabe? Ngati akulalata ndiye kuti ali moyo.

Tsono khalani pansi ndikuuzeni. Ndagula kamera ya kanema kwa mnzanga wa ku ofesi, a Hasebe. Ndi yakale, koma ili ndi kabatani koti ukadina imajambula chithunzi chimodzi chokha. Umaika chinthu pansi, n'kudina, n'kuchisuntha pang'ono, n'kudinanso, choncho choncho mpaka filimu kutha. Ukamaonetsa pakhoma, chinthucho chimayenda chokha! A Hasebe anandionetsa timitengo ta machesi tikuvina, ine n'kuseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Mukudziwa kuti pa ukwati wa Chizuru pa 15 Meyi anthu adzayembekeza kuti bambo a mkwatibwi anenepo kanthu. Mukundidziwanso ine. Ndikaima pagulu lilime limasanduka chikuni. Ndiye ndaganiza kuti m'malo molankhula ndidzaonetse kanema wa mphindi zitatu: zidole zake za hina zija zimene timayala pa tsiku la atsikana, chachikazi chikuyenda pang'onopang'ono kupita kwa chachimuna. Anthu adzalira, ine ndidzangokhala phee ngati munthu wanzeru.

Chonde nditumizireni zidole ziwiri zapamwamba zokha, Mkwati ndi Mkwatibwi. Masamu ndachita kale. Sekondi imodzi imadya zithunzi 18, ndiye mphindi zitatu ndi zithunzi 3,240. Munthu amene wawerenga matailosi a denga zaka makumi atatu sangaope nambala imeneyi. Ndikamajambula m'mawa ndisanapite ku ntchito komanso Lamulungu, pofika pa 25 zidole zidzakhala zitabwerera kwanu.

Chizuru asadziwe kanthu. Muikemonso nsomba.

Ine mwamuna wanu,
Tsuneo


Hamada, 11 Febuluwale 1983

Bambo a Chizuru,

Kalata yanu ndalandira. Tonse tili bwino. Denga la bafa likudonthabe, monga liyenera kudonthera denga la munthu wogulitsa matailosi.

Zidole ndatumiza lero pa sitima, pamodzi ndi nsomba ndi miso wa soya wothira mu msuzi, koma ndatumiza mtima ukukana. Zidole zimenezi anagula malemu amayi anga Chizuru atangobadwa. Musasute fodya pafupi nazo, ndipo muzisamba m'manja.

Chachikulu musaiwale tsiku. Chino ndi chaka chomaliza kuti tiziyale pa masitepe ofiira aja mwana ali m'nyumba muno. Pa 3 Malichi, tsiku la atsikana, zikhale pano, pa 4 zilowe m'bokosi. Sindikuyenera kukukumbutsani zimene aliyense amadziwa, kuti zidole zikachedwa kulowa m'bokosi mwana wamkazi amachedwa kulowa m'banja. Wathuyu ali ndi zaka 27. Achemwali anu anatha nsapato ziwiri kuti amupezere Masataka, mnyamata waulemu, dokotala wa ng'ombe, ngakhale kuti kwawo ndi kutali ku Kushiro. Musasewere ndi ukwati wa mwana.

Chizuru ndamuuza kuti ziwirizo zapita kwa mmisiri kukakonzedwa tsitsi. Mwandisandutsa wabodza nditakalamba kale.

Fumie


Nagoya, 1 Malichi 1983

Amake Chizuru,

Moni nonse kumeneko. Nsomba zinafika bwino, zikomo. Kodi mapichesi kuseri ayamba maluwa?

Ndiyambe ndi kugwada. Nditajambula sabata imodzi ndinati nditumize filimuyo akaitsuke ndione luso langa. Inatha masiku khumi kumeneko, ine ndikuyenda monyada mu ofesi ngati munthu amene dzina lake lituluka m'nyuzipepala. Dzulo yabwera. Ndinaitana a Hasebe, tinapachika nsalu yoyera, tinayatsa makina.

Mayo ine! Choyamba, ndinkajambula ndi kuwala kwa pawindo, osaganiza kuti dzuwa silidikira munthu. M'kanemamo kukucha n'kuda kasanu pa sekondi imodzi. Chachiwiri, ndikaponda pa mphasa ya tatami imapindika pang'ono, ndiye chipinda chonse chikugwedezeka ngati chivomezi. Chachitatu, zaka zonsezi sindinaonepo kuti Mkwatibwi ameneyu alibe miyendo. Ndi wokhala pansi basi. Ndiye sakuyenda ayi, akukhwekhwereza matako ngati galu wa njoka zam'mimba.

Koma choopsa ndi mutu. Mitu ya zidolezi ndi yozika pa kamtengo, imatembenuka. Ndinafuna kuti ayang'ane kumbali mwamanyazi kenaka abwerere, koma tsiku lililonse ndinkaiwala kumene ndinapotokolera dzulo lake, n'kumangopitiriza mbali yomweyo. Mutu wazungulira wonse mpaka kuyang'ana kumsana, nkhope ikumwetulirabe. Kanema atatha a Hasebe akuti, "A Kurihara, mwati ndi za ukwati kapena za mizukwa? Chifukwa ngati n'za mizukwa mwakhoza."

Ndayambiranso lero, koma tsopano mwanzeru. Windo ndatseka ndi bulangete, ndagula nyali yamagetsi, pansi ndayala matabwa. Ulendo wa Mkwatibwi ndi mamita awiri, kuchokera pakhomo kufika pamene pakhala Mkwati, ndipo ndili ndi rula ndi kabuku kolembamo milimita iliyonse. Popeza zidole zatenga chipinda chonse, ine ndikugona m'kabati ya zofunda, miyendo yopinda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwamva kale chimene ndikuzungulira kunena. Pa 3 zidole sizifika. Ndipatseni sabata ziwiri zokha.

Tsuneo


Hamada, 5 Malichi 1983

Bambo a Chizuru,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna.

Tsiku la atsikana lapita, sitepe yapamwamba ili pululu. Ndinaphika mpunga wa zokometsera ndi msuzi wa nkhono za m'nyanja monga mwa chaka chilichonse, koma palibe anadya bwino. Achemwali anu anabwera, anaima patsogolo pa masitepe manja m'chiuno, akuti, "Alamu, eni ukwati ali kuti?" Ndinabwereza bodza lija la mmisiri. Ndinaiwala kuti m'tauni muno mmisiri wa zidole alimo mmodzi yekha, ndipo mkazi wake amasamba ku bafa la anthu onse limodzi ndi a Kinue. Dzulo m'mawa anali atabweranso. Ndinaulula kuti zili kwa inu, koma za kanema sindinanene. Iwo akuti, "Akutani nazo bambo wamkulu ndi imvi zake? Akuziyamwitsa?"

Tsopano mverani. Ngati simungathe kuziika m'bokosi, chitani zimene timachita tsiku la 4 kukagwa mvula, pamene sitifuna kutsekera chinyezi m'bokosi. Zitembenuzeni ziyang'ane kukhoma. Zikapereka msana ndiye kuti zagona, mwambo watha. Ndi ntchito ya dzanja limodzi, ngakhale inu mungaithe.

Chitani lero lomwe, ndipo mundilembere kuti mwachita.

Fumie


Nagoya, 13 Malichi 1983

Amake Chizuru,

Ndikhulupirira mkwiyo waphwako pang'ono ndipo mukudya. Ine msana wapindika ngati mbedza chifukwa cha kabati ija, koma ndikupuma.

Zotembenuza zidole, pepani, sizingatheke. Musang'ambe kalata, ndimvereni. Pa ntchito imeneyi chinthu chikakhala pamalo pake sichikhudzidwa mpaka kanema atatha. Ndikatembenuza Mkwatibwi lero, mawa sindingamubwezere ndendende pamene anali, ndipo pakhoma adzaoneka ngati walumidwa ndi mavu. Lachitatu ndinayetsemula, mkono wa malaya ake n'kusuntha, ndinatha ola lathunthu ndikuubweza ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ndinachedwa ku ntchito. Abwana atafunsa ndinati ndinali ndi mayi wina amene anavuta kuvala. Mpaka lero akundiyang'ana mwachilendo.

Komanso tinene zoona, amake mwana. Nkhani ya zidole yochedwetsa ukwati anaipeka agogo pofuna kuopseza atsikana aulesi kuti aphunzire kulongedza. Tili m'nthawi ya masitima othamanga ngati mphepo. Tsiku la ukwati linalembedwa, holo inapezeka, asewere athu anavomera. Kodi kamtengo kovala silika kangasinthe zimenezi?

Ntchito ikuyenda. Mkwatibwi wadutsa theka, wayenda mita imodzi ndi masentimita 20. Sabata imodzi yokha basi. Mundiuze ngati chovala cha ukwati cha kimono chafika.

Tsuneo


Hamada, 3 Epulo 1983

Bambo a Chizuru,

Kodi muli moyo? Ndalemba makalata awiri, zii. Ndaimba foni ku ofesi kwanu kawiri, akuti mwatuluka. Sabata yanu imodzi ija yabala ana.

Ukwati wasunthidwa. Bambo ake a Masataka anagwa m'khola la ng'ombe, ali m'chipatala, ndipo a ku Kushiro alemba mwaulemu kupempha kuti tidikire. Tsiku lina sanatchule. Mukudziwa inunso kuti ukwati wopanda tsiku uli ngati ambulera yobwereketsa, kubwerera kwake n'kokayikitsa.

Achemwali anu sanachedwe. Analowa osavula n'komwe chikhoti, n'kufuula Chizuru ali pomwepo kuti, "Ndinanena ine! Zidole zili mbee ku Nagoya mwezi wathunthu, maso ali tong'o, ndiye mumati chichitike n'chiyani?" Chizuru anandiyang'ana. Anangofunsa kuti, "Zili kwa bambo? Panja? Akudziwa tsiku?" Ndinati akudziwa. Za kanema ndinasunga pakamwa, mwina chifukwa ndinalonjeza, mwina chifukwa ndinachita manyazi kuuza mwana kuti bambo ake akugona m'kabati.

Ine sindikunena kuti zidole ndi zimene zagwetsa munthu m'khola. Koma mwana wanu sakudya, ndipo ntchito ya ku sukulu ya mkaka anatsanzika kale. Amangokhala pawindo. Pakadafunda padajiwitsa galu, bambo a Chizuru. Lembani kwa mwana wanu.

Fumie


Hamada, 11 Epulo 1983

Okondedwa bambo,

Muli bwanji? Kuno maluwa ayamba kuyoyoka. Ndikhulupirira mukudya masamba, osati nsomba zokhazokha.

Ndadikira kalata yanu, sinabwere, ndiye ndalemba ine. Za zidole zochedwetsa ukwati sindizikhulupirira, musandiyese azakhali. Koma ndimakudziwani inu. Simunena kanthu ndi pakamwa, mumanena ndi zochita. Nditalephera mayeso a kusekondale simunandikalipire, munangosiya kuimba mluzu mwezi wathunthu. Tsiku la chinkhoswe Masataka atagwada n'kupempha, inu munayang'ana m'kapu ya tiyi mpaka amayi anayankha m'malo mwanu. Tsopano mwatenga zidole zanga, mwaziimika panja dala, tsiku mukulidziwa. Ndamva, bambo. Simukufuna kuti ndikwatiwe naye.

Chimene chikundipweteka n'choti simunandiuze. Kodi mwaona choipa chanji mwa iye? Kapena choipacho chili mwa ine?

Masataka walemba kufunsa ngati ndingadikire mpaka nyengo yozizira itayandikira. Akuti ngati kwathu kuli chokayikitsa ndimuuze zoona, sadzandisunga chakukhosi. Sindinamuyankhe. Ndimamukonda, ndikunena poyera ngakhale manyazi akundigwira. Koma sindingapite kutali chotero bambo anga atandipatsa msana. Ngati pofika pa 25 simunandilembere, ndidzadziwa yankho lanu, ndipo ndidzamuuza kuti asadikire.

Mwana wanu,
Chizuru


Nagoya, 17 Epulo 1983

Chizuru mwana wanga,

Moni. Masamba ndikudya, nthawi zina.

Kalata yako ndinaiwerenga nditaima, ndipo ndinapsa mtima. Ndinati mwana ameneyu wandinamizira. Bambo ako, amene ukuwayesa munthu wa mapulani akuya, akhala miyezi iwiri akukwawa pansi ndi rula, kusuntha chidole chako pang'onopang'ono n'kumachijambula, kuti pa ukwati wako adzaonetse kanema wa Mkwatibwi akupita kwa Mkwati. Chinsinsi chonse n'chimenechi. Ndinkakana kuzitembenuza chifukwa kanema akanaonongeka. Funsa amayi ako, akuuzanso kumene ndimagona.

Ndiye ndinati ndikutumizire umboni. Ndinatsegula kabuku kamene ndimalembamo mmene ndasunthira chidole tsiku lililonse, kuti ndikukopere uone kulimbikira kwanga. Ndinayamba kukopera. Sabata yoyamba ya Malichi ndinkasuntha milimita zitatu pa kudina kulikonse. Sabata yachiwiri, ziwiri. Atadutsa theka la ulendo, imodzi. Kumapeto kwa mwezi, theka la milimita, chinthu choti ngakhale rula yanga sichiona. Ndipo kuyambira pa 2 Epulo ndalemba ndi dzanja langa lomwe, tsiku ndi tsiku, kuti "akupuma". Ndakhala ndikudzuka m'mawa, kusamba m'manja, kuyatsa nyali, n'kumajambula chidole chimene sichikusuntha. Masiku khumi ndi asanu! Ndinkadziuza kuti ndi luso, kuti mkwatibwi wabwino sathamanga.

Ndinakhala pansi pa matabwa paja, manyazi kundigwira ngati ndagwidwa ndikuba m'nyumba mwanga momwe. Palibe anandiuza kuti ndichepetse milimita. Ndinkaseka azakhali ako kuti amakhulupirira za agogo, chonsecho wokhulupirira kwambiri ndinali ine, wogwira chidole pamchira kuti chisafike.

Masataka alibe choipa, ndipo iwe ulibe choipa. Tsiku la chinkhoswe ndinkayang'ana m'kapu chifukwa ndinali nditawerenga ndondomeko ya masitima. Kuchoka ku Hamada kufika ku Kushiro ndi masitima anayi ndi sitima ya pamadzi. Zaka zinayi zimene ndakhala kuno ndinkadzitonthoza kuti ndikadzabwerera ndidzakupeza pakhomo. Ndikuopa nyumba imene iwe mulibe. Ndanena tsopano, ndipo denga silinagwe.

Nditayang'ana kamera ndinapeza kuti kupuma kuja kwadya filimu yonse. Zatsala zithunzi makumi awiri zokha, ulendo utatsala masentimita makumi atatu. Ndinataya rula. Ndinamufikitsa m'mawa uno, mofulumira, ndisanasinthe maganizo. Zidole ndazikulunga m'mapepala ake, zili m'bokosi, zinyamuka mawa. Filimu ndaipereka kotsukitsa ndipo ndalembapo keyala ya kunyumba, chifukwa ine ndilibe mtima woionera. Uione iwe, undiuze zimene zilimo.

Mulembere Masataka lero. Umuuze kuti udikira, ndipo bambo ako avomera ndi pakamwa pawo. Pita, mwana wanga.

Bambo ako opusa,
Tsuneo


Hamada, 2 Meyi 1983

Okondedwa bambo,

Muli bwanji? Mwatuluka m'kabati? Amayi akuti ndikuuzeni kuti zidole zafika bwino ndipo akadali okwiya, koma akufunsa ngati nsomba zilipo.

Masataka ndinamulembera tsiku lomwe ndinalandira kalata yanu. Wayankha. Bambo ake atuluka m'chipatala, akuyenda ndi ndodo, ndipo ukwati ukhala pa 9 Okutobala. Azakhali akuti n'chifukwa choti zidole zalowa m'bokosi. Palibe akuwatsutsa, tatopa.

Filimu inafika Lachisanu. Tinabwereka makina ku sukulu, tinapachika nsalu pa chitseko, tinakhala atatu, ine, amayi ndi azakhali. Poyamba Mkwatibwi akubwera bwinobwino, mokhwekhwereza koma mwaulemu. Kenaka wayamba kuchedwa. Kenaka waima. Tinayesa makina afa, amayi mpaka anawamenya kambama. Azakhali akuti, "Kodi ameneyu afika chaka chino? Wangofanana ndi mwini wake wa kamera." Tinaseka mpaka misozi, ine ndikuseka ndi kulira pamodzi, chifukwa ndinkadziwa kuti chithunzi chilichonse choimacho ndi m'mawa umodzi wa inu.

Ndiye mwadzidzidzi, vuu! Wauluka ngati wathawa moto, n'kukagunda Mkwati mpaka chipewa chake kupendama. Kanema n'kutha.

Koma pali chimene simukudziwa. Pofulumira paja munkadina batani musanachotse dzanja. Sekondi yomaliza ija dzanja lanu likuoneka, lalikulu ngati la chimphona, ndi chipsera chija cha pachala chachikulu. Tinabwereza katatu. Kachitatu azakhali anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, akuti makinawo ali ndi fumbi. Atapita ndinatenga filimuyo n'kuiyang'ana pawindo kachithunzi kamodzikamodzi. Pa choyamba dzanja lagwira Mkwatibwi paphewa. Pa zotsatira zonse lili kumsana kwake.

Amayi akuti a Hasebe angathe kudula tizithunzi timeneto ndi lumo kuti kanema aoneke waukhondo pa ukwati. Musalole. Anthu aseke mmene angasekere, koma musadule ngakhale kamodzi. Dzanjalo silikumubweza, bambo, likumukankha.

Bwerani pa tchuthi chino mudzaone nokha. Mudzakhale pafupi ndi ine, ndipo sikofunika kuti mudzanene kanthu.

Mwana wanu,
Chizuru